Eyakoni ikasiya kuzizira: zoyenera ndi zosayenera

Okutobala akafika, mafoni a amisiri a mafiriji ndi maeyakoni sapuma. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo ngakhale ku Lilongwe tulo sitibwera m'chipinda cha malata. Ndi nthawi yomweyi pamene anthu amalipira ndalama zambiri pa vuto lotheka ndi beseni la madzi. Malangizowa akunena za eyakoni ya mbali ziwiri, ina pakhoma m'nyumba ina panja, yomwe yafala m'nyumba, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo.

Rimoti ndi fumbi

Choyenera: Musanaimbire munthu, yang'anani rimoti, pakuti ana amakonda kudinadina mabatani. Kachizindikiro konga nyenyezi ndiko koziziritsa, kadzuwa n'kotenthetsa, kadontho n'kochotsa chinyezi, pamene kafani kamangozunguza mpweya womwewo. Kenako tukulani chivundikiro cha mbali ya m'nyumba, musolole mafyuluta, muwalozetse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, vuto mwalipeza. Atsukeni ndi madzi, aume pamthunzi, muwabwezeretse. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kutsuka milungu iwiri iliyonse si kunyanya.

Chosayenera: Musayendetse eyakoni yopanda mafyuluta pofuna kuti mpweya uzituluka wambiri. Fumbi limakamatirira pa tizitsulo topyapyala ta mkati, komwe dzanja lanu silifika.

Akakuuzani kuti "gasi watha"

Chosayenera: Musavomere msangamsanga. Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera, ndipo zimandiwawa kuziona. Gasi wa mu eyakoni si petulo wa galimoto woti amachepa mukamayenda. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka panja kulowa m'nyumba n'kubwereranso, chaka ndi chaka. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Munthu amene wangobwera ndi silinda, n'kupopera gasi, n'kulandira ndalama n'kumapita, wakugulitsani kuzizira kwa milungu yochepa. Mudzamuitananso, ndipo mudzalipiranso.

Choyenera: Funsani mwaulemu kuti, "Nanga gasiyo watulukira pati, bambo?" Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Amayamba kuyang'ana pamene mapaipi a kopa amangidwa ndi manati. Pakaoneka mafuta onyowa ogwira fumbi, kawirikawiri ndi pomwepo. Amapakapo thovu la sopo n'kuona ngati likufufuma. Ena amayesa ndi nayitirojeni. Akatseka pobookapo amakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu ya vacuum, ndiye n'kuthira gasi moyeza, osati mongoganizira.

Inunso werengani kapepala komatidwa pambali pa bokosi lapanja. Pamalembedwa mtundu wa gasi, kaya R22, R410A kapena R32, ndi mlingo wake. Mitunduyi sisakanizidwa, ndipo R32 amatha kuyaka, choncho si ntchito yopatsa aliyense wokhala ndi sipanala. Ngati panu palembedwa R22, dziwani kuti gasi ameneyu akuthetsedwa motsatira pangano la Montreal la 1987 loteteza ozoni, lomwe Malawi ali nawo. Maiko ngati athu ayenera kukhala atatsala pang'ono kumusiyiratu pofika 2030, ndiye gasiyu azingosowa n'kumakwera mtengo.

Ayisi pa paipi, madzi pakhoma

Choyenera: Mukaona ayisi, zimitsani, asungunuke yekha, kenako muone mafyuluta. Akabweranso mafyuluta ali oyera, itanani mmisiri. Mwina gasi akutuluka. Madzi akamachucha pakhoma m'nyumba, tsatani kapaipi kotayira madzi mpaka kumapeto kwake panja. Nthawi zambiri mupeza katatsekeka ndi matope, ndere, kapena dothi lomwe mavu amangira chisa.

Chosayenera: Musagobe ayisi ndi mpeni. Mapaipi a mkati ndi opyapyala, kubaya kamodzi gasi yense wapita.

Magetsi

Choyenera: Magetsi a ESCOM akathima, zimitsani eyakoni pa swichi yapakhoma. Akabwera, dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu kuti mphamvu ya gasi m'mapaipi ikhazikike, apo ayi kompuresa, yomwe imapopa gasiyo, imanyamuka molemedwa. Gulani kachipangizo koteteza kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri kuchoka pa mavoti 230, kakhale kolingana ndi kukula kwa eyakoni yanu, osati kafiriji. Maeyakoni a inverter amapulumutsadi mayunitsi, koma bodi yawo ya magetsi sichedwa kupsa, ndipo ina imavuta kuipeza m'masitolo muno.

Chosayenera: Breaker ikagwa, ikwezeni kamodzi kokha. Ikagwanso, isiyeni. Ikukuuzani kuti waya kapena mota ili ndi vuto, ndipo kuikakamiza n'kuitana moto. Musalumikizenso eyakoni ku jenereta yaing'ono, chifukwa kompuresa ikamanyamuka imakoka magetsi ochuluka kuposa ikamayenda.

Bokosi lapanja likamang'ung'udza osazungulira

Chosayenera: Musafulumire kugula kompuresa chifukwa wina wanena kuti yapsa asanayeze kalikonse. Kompuresa ndiyo chipangizo chodula kuposa zonse m'makinawa. Musatsegulenso bokosilo nokha: kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, ndipo imatha kukugwirani koopsa.

Choyenera: Pemphani kuti ayambe wayeza kapasita ndi mita inu mukuona. Kapasita ndi kachitini kakang'ono kothandiza mota kunyamuka, ndipo ikafa nthawi zina imatupa pamwamba moti ngakhale inu mutha kuona. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Aonenso pa bodi, chifukwa abuluzi ndi nyerere zimakonda kubisala pamenepo potsata kufunda. Ndipo bokosilo lizipuma: chotsani udzu, makatoni ndi zovala zoyanikidwa pamenepo.

Ndalama

Choyenera: Kotesheni ikhale yolembedwa, mtengo wa zipangizo pawokha, wa ntchito pawokha. Ntchito ikakhala yaikulu funsani amisiri awiri. Chipangizo chakale chimene achotsa chitsale kwa inu, ndipo lisiti lisungidwe pamodzi ndi tsiku ndi zomwe zinakonzedwa. Mmisiri wotsatira adzayambira pamenepo m'malo molota. Gwirizanani kuti vuto lomwelo likabwerera pasanathe nthawi yakuti, abweranso osalipiritsa. Kufunsa ngati munthu ali ndi pepala la ku sukulu ya ntchito zamanja kapena la TEVETA si chipongwe. Ndipo sevisi ya pachaka ichitike mu Ogasiti, amisiri asanatanganidwe, osati dzuwa litafika pamutu.

Chosayenera: Musapereke ndalama zonse ntchito isanathe. Musalole munthu wamba kutsegula makina omwe waranti yake sinathe, chifukwa ogulitsa adzakukanirani. Ngati muli pa lendi, musakonzetse musanalankhule ndi alandilodi n'kugwirizana, ngakhale pa WhatsApp pokha, kuti alipira ndani. "Tidzachotsera pa lendi" wapakamwa amaiwalika mwezi ukatha. Ndipo musaumirire makina okalamba. Ngati ndi a R22, kompuresa yapsadi, ndipo kukonza kukuyandikira theka la mtengo wa atsopano, ine ndingati asiyeni apume.

Poyendetsa tsiku ndi tsiku

Chosayenera: Kuika pa madigiri 16 sikuziziritsa chipinda msanga. Kumangochititsa kuti kompuresa isapume, mayunitsi n'kumatha.

Choyenera: Ikani pakati pa 24 ndi 26, tsekani mawindo ndi makatani a mbali yadzuwa, ndipo yatsani fani ithandize. Nyumba ya malata yopanda siling'i, yambani mwaika siling'i. Ngati makina ndi ochepa, monga a 9,000 BTU pabalaza lalikulu, palibe mmisiri amene angawakonze, chifukwa sanawonongeke.

Juni ndi Julayi

Choyenera: Ku Dedza, ku Mzuzu, kapena ku Blantyre chiperoni akawomba, onani ngati eyakoni yanu ili ndi kadzuwa kaja. Zambiri zimatenthetsanso, ndipo zimadya magetsi ochepa kuposa hita ya mawaya ofiira. Eyakoni ikamatenthetsa imatha kuima mphindi zingapo, bokosi lapanja n'kumadontha madzi. Ikusungunula ayisi, sinawonongeke. Wogwiritsa hita adziwe kuti ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, ndipo iyenera kulumikizidwa ku soketi yapakhoma, kutali ndi makatani ndi neti ya udzudzu.

Chosayenera: Musalumikize hita ku ekisitenshoni yopyapyala, ndipo musayanikepo zovala za mwana. Koposa zonse, musalowetse mbaula m'chipinda chotseka, ngakhale makala atafiira kale ndipo utsi sukuoneka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, wosaoneka, umene umapha anthu ali m'tulo. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena mseru pamene pali mbaula, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, ndipo thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale atanena kuti akupezako bwino.