Kuphunzira Cingelezi

Dziko la Mfumu Nyalugwe lili m'boma la Nyimba, kumadzulo kwa Petauke, kufupi ndi mtsinje wa Luangwa. Eni ace a dzikolo ndiwo Ansenga. Mwana wobadwira kumeneko amva Cinsenga akali kumsana kwa amace. Akaloŵa sukulu aphunzira kuŵerenga Cinyanja, ndipo akomananso ndi Cingelezi. Motero mwanayo asenza zinenero zitatu asanakule, ndipo colemera koposa ndico cacitatuco.

Cingelezi cinafika ndi Angelezi amene analamulira dziko lino. Pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, boma linacisunga kuti cikhale cinenero ca nchito za boma, popeza mitundu ya anthu ndi yambiri. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linati ana aphunzitsidwe m'Cingelezi kuyambira kalasi loyamba, koma mu 2014 zinenero za makolo zinabwezedwa m'makalasi anai oyamba. Malamulo otere asintha nthaŵi ndi nthaŵi, koma mayeso a masamu ndi sayansi alembedwabe m'Cingelezi. Mwana wodziŵa masamu angalephere cifukwa ca kusamva funso. Malangizo a pa botolo la mankhwala a thonje alinso m'Cingelezi, ndipo mlimi wosaŵamva angaononge munda wace, kapena moyo wace umene.

Coyamba ndi khutu. Khanda limva mau miyezi yambiri lisananene kanthu. Comweconso wophunzira ayenera kuchera khutu pamene aphunzitsi aŵerenga, ndi kumvera nkhani za Cingelezi pa wailesi ya ZNBC, ngakhale atolepo mau atatu okha.

Caciŵiri ndi lilime. M'Cinyanja munthu akati "kulira" kapena "kulila", tanthauzo ndi limodzi. M'Cingelezi si comweco: "rice" ndi mpunga, koma "lice" ndi nsabwe. Wosasamala angauze mlendo kuti kwao adya nsabwe! Ndiponso Cinyanja cili ndi mavawelo asanu okha, pamene Cingelezi cili ndi oposa khumi, ngakhale zilembo zace ndi zocepa. "Ship" ndi ngalaŵa, koma "sheep", mau okoka pang'ono, ndi nkhosa. Cina n'cakuti mau a Cinyanja atsiriza ndi vawelo. Ndico cifukwa makolo atamva "book" ndi "spoon" anati buku ndi supuni. Polankhula Cingelezi, wophunzira azoloŵere kudula mau pomwe athera, osaonjezapo kanthu.

Cacitatu ndi kabuku ka mau. Wophunzira wanzeru alembamo mau asanu tsiku lililonse la sukulu, ndipo pakutha pa sabata ali nao 25. Ayambe ndi zinthu za pakhomo, monga khasu, mbuzi ndi nthoci. Liu lisalembedwe lokha, koma m'ciganizo, pakuti liu lokhala lokha liiŵalika msanga. M'ziganizomo ndimo aonera kuti "go" asanduka "went" ponena za dzulo, ndi kuti "iye" wa Cinyanja agaŵika paŵiri: "he" kwa mwamuna, "she" kwa mkazi.

Cacinai ndi maso. Mabuku akacepa, zoŵerenga sizisoŵa ai. Zikwangwani za pa mseu wa Great East Road, matumba a feteleza, ndi tsamba la nyuzipepala lokulungira sopo, zonsezi ndi aphunzitsi osalipidwa. Kuŵerenga ndiko kuphunzitsa kalembedwe, cifukwa Cingelezi sicilembedwa monga cimvekera. M'liu lakuti "knife", ndiye mpeni, k alembedwa koma sachulidwa.

Mdani wamkulu wa zonsezi ndiye manyazi. Ana ambiri akhala cete m'kalasi poopa kusekedwa, osadziŵa kuti woseka mnzace nayenso aphophonya. Palibe anaphunzira kuchova njinga osagwapo. Ana aŵiri oyendera limodzi kusukulu angapangane kulankhula Cingelezi cokha kucokera pa mtsinje kufikira pa bwalo la sukulu, nakonzana mwaulemu. Cimene caŵakanika akafunse kwa aphunzitsi, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Pocita zonsezi mwana asanyoze cinenero ca kwao. Wodziŵa kuŵerenga bwino Cinyanja sacedwa kugwira Cingelezi, cifukwa luso la kuŵerenga liphunziridwa kamodzi kokha. Ndipo wophunzira amene aŵerengera agogo ace kalata ya kucipatala, naimasulira bwino m'Cinsenga, ndiye wapindula ndi sukulu.

Mafunso

1. Chulani zinenero zitatu zimene mwana wa kwa Nyalugwe akomana nazo.
2. Cinacitika n'ciani mu 1966?
3. Fotokozani kusiyana kwa "rice" ndi "lice".
4. Cifukwa ninji liu liyenera kulembedwa m'ciganizo?
5. Lembani mau asanu amene Cinyanja cinabwereka ku Cingelezi.