Injini Yatsopano pa Boti Lakale: Mafunso Anu ndi Mayankho

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Msaka, m'boma la Mangochi. Bambowa akuti boti lawo la matabwa ndi lakale, injini yawo ya mahosipawa 15 yatha, ndiye akufuna kugula ya 40 kuti azifika msanga kumene kuli usipa. Muwalangiza zotani?

Katswiri: Zikomo bambo a ku Msaka. Musanapite kusitolo, yambani mwayendera thabwa la kumbuyo lomwe mumamangirirapo injini. Libayeni ndi nsonga ya mpeni mozungulira misomali komanso m'munsi momwe mumakhala madzi. Mpeni ukalowa mosavuta, thabwalo lawola, ndipo ndalama yoyamba ipite kwa mmisiri wa maboti. Yamaha Enduro ya 15 imalemera makilogalamu pafupifupi 40, pomwe ya 40 ili cha m'ma 70. Boti lanu likalandira katundu wotere lidzatitimira kumbuyo, ndipo mwera ukawomba m'miyezi ya June ndi July, mafunde azidzalowera komweko. Chinanso, boti la matabwa lonyamula chilimira ndi alovi lili ndi malire a liwiro lake. Mudzaotcha petulo wochuluka kuposa kawiri, koma liwiro lidzangowonjezereka pang'ono. Ngati thabwa lili bwino, ya 25 ikukwanirani.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Likoma akuti anagula injini yatsopano, koma boti likakumana ndi mafunde injiniyo imangolira kwambiri osakankha.

Katswiri: Mayi, ndikukayikira mwendo wa injiniyo. Miyendo ilipo yaifupi, ya masentimita pafupifupi 38, ndi yaitali, ya 51. Yezani thabwa la kumbuyo kuchokera pamwamba kufika pansi pa boti. Kachitsulo kophwatalala kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa botilo kapena kutsikirapo pang'ono. Kakakhala m'mwamba, pulopela imameza mpweya, ndipo pampu imasowa madzi oziziritsa injini. Musapitirize kuyenda choncho. Mmisiri atsitse pomangirirapo, apo ayi mukasinthitse ndi ya mwendo wautali.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera ku Nkhotakota. Mnyamatayu akufunsa kuti: ndigule two-stroke kapena four-stroke, nanga yogulako kwa munthu ndingaikhulupirire?

Katswiri: Achimwene, four-stroke imamwa petulo pang'ono ndipo siifuka utsi wambiri, koma ndi yolemera, yokwera mtengo, ndipo imafuna kusintha oyilo pa nthawi yake. Two-stroke ndi yopepuka, ndipo amakaniko ambiri a m'madoko amaidziwa. Funsani kaye kuti masipeya a injini yomwe mwaikonda amapezeka kuti. Injini yodikira sipeya mwezi wathunthu siidyetsa banja. Mukasankha two-stroke, thirani oyilo wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Injini zambiri zimafuna muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita pa malita 25 a petulo, koma tsimikizani m'buku la injiniyo.

Yogulako kwa munthu musailipire isanalizidwe m'madzi. Onani ngati ikutulutsa kamtsinje ka madzi kumbuyo mosadukiza. Tsegulani bawuti ya m'munsi mwa giyabokosi. Oyilo akatuluka woyererako ngati mkaka, mwalowa madzi. Makaniko ayeze mphamvu ya masilinda onse, isasiyane kwambiri. Nambala ya injini ikhale yowerengeka ndipo ifanane ndi ya pa lisiti. Ikakhala yofufutidwa, bwererani ndi ndalama zanu, chifukwa mwina ndi yakuba.

Kwa nonse omvera, pitani kusitolo mutayeza kale boti lanu, ndipo tsiku loyesa injini aliyense avale jekete yoyandamitsa. Pitirizani kutilembera.