Gitala yodula: zofunika kuona musanapereke ndalama

Mpunga wa ku Likangala ukagulitsidwa, kapena matemba akayenda malonda pa Kachulu, makwaya a m'mipingo ndi anyamata oimba amayamba kufunsa za gitala. Kawirikawiri amatuma wamalonda amene akukapikula katundu ku Zomba kapena ku Limbe. Gitalayo ikapindika patangotha miyezi itatu, chala chimaloza wotumidwayo, ndipo ena mpamba wawo umathera kubweza ndalama za eni. Sabata ino tione gitala yosalira magetsi. Kunyezimira kwa vanishi kusakukopeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati mtengo wake ndi wokwera, kukwerako kuoneke pa zinthu izi.

1. Thabwa lapamwamba

Mawu a gitala amachokera pa thabwa limene lili ndi bowo. Gitala zotchipa amazipanga ndi pulayiwudi, pomwe yodula imayenera kukhala ya thabwa lenileni, makamaka la mitengo yakunja ya spruce kapena cedar. Yang'anani m'mphepete mwa bowolo. Mizere ya thabwa ikatsika kuchoka pamwamba mpaka pansi osaduka, limenelo ndi lenileni. Mukaona timagawo tosanjikizana, ndi pulayiwudi. Mwachitsanzo, Yamaha F310 ndi ya matabwa omata, pomwe FG800 ili ndi thabwa lenileni pamwamba. Ya pulayiwudi si yoipa, imapirira chinyezi, koma musailipire mtengo wa inzakeyo.

2. Khosi

Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yofika pafupifupi makilogalamu 70, ngati thumba la chimanga limodzi ndi theka lopachikidwa pa khosilo usana ndi usiku. Ikani diso kumutu kwa gitala, muyang'ane khosi m'litali mwake monga achitira kalipentala ndi thabwa. Lisapotoke. M'kati mwa khosi mumakhala chitsulo choliwongolera. Suzumirani m'bowo kapena kumutu, muone pomangira pake. Gitala ya nsambo zachitsulo yopanda chitsulo chimenechi isiyeni.

3. Mpata wa nsambo

Werengani tizitsulo topingasa pa khosi mpaka ka nambala 12. Pamenepo, mpata wa pansi pa nsambo yaikulu usapitirire mamilimita 3. Kamtengo ka machesi kamodzi kalowe bwinobwino. Tikalowa tiwiri tosanjikiza, woimba zala zidzamupweteka. Kenako imbani nsambo yosagwira, muidinenso pa 12 pomwepo. Liwu likhale lomwelo, kungoti lokwera. Likasemphana, gitalayo sidzagwirizana ndi kiyibodi ya kutchalitchi.

4. Pomangirira nsambo

Kathabwa kamene kamagwira nsambo pamimba pa gitala ndi komata ndi guluu. Yesani kulowetsa kapepala kunsi kwake chakumbuyo. Kakalowa, ndiye kuti kayamba kumatuka. Gogodaninso thupi lonse ndi chala. Kukamveka kunjenjemera, timitanda ta m'kati tamasuka. Zokungira nsambo zizizungulira mosalala, osabwerera zokha.

5. Dzina ndi lisiti

Dzina la kampani aliyense akhoza kumata. Suzumirani m'kati muone chikalata ndi nambala yake, ndipo nambalayo ilembedwe pa lisiti. Gwirizanani ndi mwini shopu za masiku obwezera, zilembedwenso. Ngati simuimba, tengani woimba wa kwaya yomwe yakutumaniyo, kapena muimbireni foni amve kulira kwake. Ya kaunjika ifunika mayeso omwewa kawiri, chifukwa ilibe kobwezera.

Kasamalidwe kuno ku Chilwa

Thabwa lenileni limakonda chinyezi chapakati, cha pa 45 mpaka 55 peresenti. Kuno nthawi ya dzinja limafufuma, ndipo mu Okutobala limauma mpaka kung'aluka. Kutentha kwa pansi pa malata kumafewetsa guluu. Auzeni makasitomala anu asamaipachike pafupi ndi denga kapena kuisiya padzuwa, azipukuta nsambo akatha kuimba kuti zisachite dzimbiri, ndipo asaike nsambo zachitsulo pa gitala yopangidwira za nayiloni. Pa msewu wa Jali, masulani nsambo pang'ono, gitala ikhale m'chikwama chake kumsana kwanu, osati pa kaliyala pamodzi ndi matumba.

Powerengetsa phindu, onjezerani chikwama ndi paketi ya nsambo zapadera. Wogula gitala lero adzafunanso nsambo chaka chisanathe, ndipo adzazifuna kwa amene sanamupusitse.