Ntchito ya Olemba Mbiri

Werengani Luka 1:1-4 ndi Deuteronomo 19:15. Kodi Luka anachita chiyani asanalembere Teofilo?

Luka sanaone ndi maso ake zimene analemba za moyo wa Yesu. Anamva kwa mboni zimene zinalipo, nafufuza zonse mosamala kuyambira pachiyambi, nazilemba mwadongosolo. Iyi ndiyo ntchito ya wolemba mbiri: kusonkhanitsa umboni, kuuyesa, ndi kunena zimene umboniwo usonyeza, ngakhale zikhale zosatikomera.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Pa 23 Januwale 1915, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anaukira ulamuliro wa atsamunda, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale. Boma, limene likulu lake linali ku Zomba, linakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyi, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1916. Olilemba anali a mbali yopambana. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, makalata ambiri napsa. Kukadapanda ofufuza, tikadatsala ndi mboni imodzi yokha, nayonso yoperewera.

Koma George Simeon Mwase, ali m'ndende ku Zomba, anamva nkhaniyi kwa mkaidi mnzake amene anali wotsatira Chilembwe, nailemba. Pambuyo pake George Shepperson ndi Thomas Price anayerekeza zolemba za boma, makalata a amishoni ndi zokumbukira za anthu, natulutsa buku lotchedwa Independent African mu 1958. Anaonetsa zimene zinawawitsa anthu mtima: thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kutenthedwa kwa matchalitchi, ndi kufa kwa Aafirika pa nkhondo ya Azungu imene inayamba mu 1914. Sanabisenso kuti otsatira Chilembwe anapha Azungu atatu. Wolemba mbiri woona sakometsa mbali imene aikonda.

Kuyambira mu 1947, ku Zomba kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lathu. Komabe si zonse zili m'mapepala. Zambiri zili m'mitima ya okalamba athu, ndipo gogo akamwalira tisanamfunse, timataya umboni monga unatayikira pa moto uja.

Zoti tikambirane: Kodi timafulumira kukhulupirira nkhani titamva mbali imodzi yokha? Ndi achikulire ati pakati pathu amene tiyenera kuwachezera ndi kulemba zimene akumbukira, nthawi isanathe?