Phunziro la lero: lamulo lothana ndi magulu a zigawenga ku Cape Town

Ambiri tili ndi achibale ku Joni, ena tikusunga ndalama ya ulendo. Nchifukwa chake ndafuna tikambirane za lamulo limodzi la kumeneko.

Ku Cape Flats, komwe boma la tsankho linakataya anthu litawachotsa m'madera ngati District Six, kunakula magulu a zigawenga monga Hard Livings ndi Americans. Anthu atatopa nawo kunabadwa gulu la PAGAD, lomwe ambiri mwa mamembala ake anali Asilamu. Mu Ogasiti 1996, pa chionetsero cha gululi ku Salt River, mtsogoleri wa Hard Livings, Rashaad Staggie, anawomberedwa n'kuwotchedwa. Koma magulu sanathe. Zomwe zinatsatira ndi kubwezerana, ndipo ena a PAGAD anathera kundende.

Mu 1998 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Prevention of Organised Crime Act, yomwe amangoti POCA. Mwalamuloli, membala amene wathandizira mlandu wa gulu lake atha kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala kundende mpaka zaka 6. Wokopa mnzake kuti alowe gulu, mpaka zaka 3. Mlanduwo ukachitikira pafupi ndi sukulu, chilango chimakwera. Boma lithanso kulanda nyumba, galimoto kapena ndalama zopezeka mwaumbanda, ngakhale mwiniwake asanapezeke wolakwa pa mlandu waupandu.

Apa mverani bwino. Pofuna kudziwa ngati munthu ndi membala, khoti limaloledwa kuona mavalidwe ake, ma tattoo, zizindikiro za manja, amene amayenda nawo, komanso ngati anamangidwapo kangapo ali ndi zigawenga zodziwika. Ndiye wangofika, ntchito kulibe, ena akuti "tisungire kathumba aka" kapena "tiimire pakona, tikupatsa ya chakudya". Ukavomera, wadziika pamzere wa mlandu.

Ine ndikutolapo ziwiri. Choyamba, kulanga munthu ndi ntchito ya khoti. Chikhamu chokwiya, ngakhale chikufuula dzina la Allah, sichifunsa umboni. Chachiwiri, lamulo limabwera mwana atalowa kale. Mpaka 2019 boma linachita kutumiza asilikali ku Cape Flats, POCA ilipo. Kutseka khomo lolowera ndi ntchito ya makolo, madrasa ndi ifeyo.

Sabata ino muimbireni m'bale wanu ali kumeneko. Musangofunsa za ndalama, mufunseni akugona kuti, akuyenda ndi ndani.

Allah atitetezere achinyamata athu. Ameen.