KHANSA YA KUMMERO: CHIFUKWA CHIYANI DOKOTALA AMADULA MOPYOLA CHOTUPA?

Tikamayendera midzi timamva dandaulo lakuti: "Mbale wathu adamuchita opaleshoni, chotupa adachichotsa, nanga bwanji matenda abweranso?" Nthawi zambiri yankho lagona m'mphepete mwa mnofu umene dokotala wadula.

Mmero ndi njira imene chakudya chimadzera pochoka kukhosi kupita m'chifu. Mwa munthu wamkulu ndi wotalika pafupifupi masentimita 25. Khansa ya m'njira imeneyi ndi yofala kuno ku Malawi kuposa m'maiko ambiri.

Taganizani za nzimbe imene yalowa mbozi. Kunja mumangoona kabowo kamodzi, koma mukaisenda mumapeza kuti kufiira kwapita patali ndithu, ndipo simudya mpaka mutadula pofika poyera. Khansa iyi imachita chimodzimodzi. Imakwawa pansi pa khungu la m'kati mwa mmero, kukwera ndi kutsika, kumene maso saona. Nchifukwa chake dokotala sadulira pamene chotupa chathera. Amapitirira, kawirikawiri ndi masentimita 5 kapena kuposerapo cha kumtunda, nachotsanso anabere ozungulira. Kenaka amakweza chifu m'chifuwa ndi kuchilumikiza ku mbali yotsalayo kuti wodwala athe kumezanso. Njira imodzi yotchuka yochitira izi adaifotokoza Ivor Lewis wa ku Britain m'chaka cha 1946.

Vuto lenileni lili m'mbali. Kumtunda ndi kumunsi malo odula alipo, koma m'mbali mmero watsamirana ndi njira ya mpweya, mtima ndi mtsempha waukulu wa magazi. Ulibenso chikuto chakunja chonga chimene matumbo ali nacho. Pamenepa mpeni sungapite patali, ngakhale dokotala akhale waluso chotani.

Chimene chadulidwacho sichitayidwa. Amachitumiza kwa katswiri wopima minofu, amene amachipaka inki m'mphepete, nkuchicheka timagawo topyapyala, nkutiyang'ana pa makina okuza tinthu. Akapeza kuti m'mphepete mulibe khansa amalemba R0. Khansa ikaoneka m'mphepetemo pa makina okha amalemba R1, ndipo ngati chotupa china chatsalira m'thupi chooneka ndi maso amalemba R2. Akatswiriwa amasiyana pang'ono. A ku Britain amati khansa ikayandikira m'mphepete mosapyola milimita imodzi ndiye kuti yafika kale, pamene a ku America amawerengera pokhapokha itakhudza inki. Taonani kuchepa kwake kwa milimita imodzi!

Dziwani kuti R1 satanthauza kuti dokotala walakwa, ndiponso R0 si lonjezo lakuti matenda sadzabweranso. Koma mwayi wa wodwala wa R0 ndi waukulu ndithu. Musachite manyazi kufunsa zotsatira zimenezi, pakuti zimathandiza kudziwa ngati pafunika mankhwala ena a khansa kapena kuwotcha ndi cheza. Tsiku limene akuuzani kuti mubwererenso musalidumphe.

Chondimvetsa chisoni ine nchakuti odwala athu ambiri amafika chotupa chitagwira kale ziwalo zoyandikana nazo. Zikatero opaleshoni siitheka, ndipo amangoika kapaipi kotsekula njira kuti munthu azimeza. Chizindikiro chimayamba pang'onopang'ono: lero nyama ndi nsima zikukakamira pachifuwa, mawa phala, potsiriza ndi madzi omwe, thupi likunka liwonda. Osuta fodya ndi okonda kachasu achenjere koposa, ngakhale matendawa amagwiranso amene sadalaweko zimenezi.

Nsima ikayamba kukana kutsika, musadikire nthawi ya phala. Pitani kuchipatala chapafupi, mufotokoze bwinobwino, ndipo mupemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amaunika mmero ndi kachubu kokhala ndi kamera.