Malangizo: Kudziwa Masiku Otenga Pakati Poyeza Mkodzo

Amayi ndi abambo a pa Mzimba boma, ku Embangweni, Edingeni, Jenda mpaka Luwerezi, tcherani khutu. Amuna ambiri kuno ali ku Joni, ndipo akabwera mu Disembala sakhalitsa. Kwa banja lofuna mwana, kudziwa masiku kumathandiza.

Kuli timapepala toviika mu mkodzo, tosiyana ndi toyezera mimba, tomwe timaona homoni yotchedwa LH. Homoniyi imachuluka maola 24 mpaka 36 dzira lisanatuluke. Ngati mumasamba masiku 28 aliwonse, yambani kuyeza pa tsiku la 11 kuwerengera kuchokera tsiku lomwe munayamba kusamba. Yezani masana, nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo musamwe madzi ambiri maola 2 musanayeze.

Apa mvetsetsani bwino: kungooneka mizere iwiri pa kapepalako sikokwanira. Mzere wachiwiri uyenera kuda ngati unzake kapena kuposa. Ukatero, khalirani limodzi ndi bambo tsiku lomwelo ndi mawa lake. Dzira silipitirira maola 24 lili ndi moyo, pomwe umuna umatha kukhala ndi moyo mpaka masiku 5 m'thupi mwa mayi.

Musagwiritse ntchito timapepalati polera. Pomwe mzere ukuda, masiku otenga pakati amakhala atayamba kale.

Chikatha chaka muli limodzi popanda pakati, kapena miyezi 6 ngati mayi apitirira zaka 35, pitani ku chipatala cha boma pa Mzimba kapena cha Embangweni. Mupite nonse awiri. Zimandiwawa kuona mayi akunyozedwa ndi apongozi bambo asanayezedwe n'komwe, chonsecho vuto limapezekanso kwa amuna.